Zitseko za a Léonie

Kwathu ku Cabrelles lamulo ndi limodzi: ukadzuka, tsegula zitseko zamatabwa za pamawindo. Eyiti koloko ikakwana zikadali zotseka, woyang'anana naye khomo amabwera kudzagogoda, chifukwa ndiye kuti wagwa kapena watisiya.

A Léonie Vaissière anabadwa m'mudzi muno muli anthu mazana atatu. Anakwatiwa theka la anthuwo litapita kale kumatauni, anaika amuna awo titatsala makumi anayi. Moyo wawo wonse ndi mbuzi ndi tchizi, ndipo pakamwa pawo sipadziwa tchuthi. Lero tatsala khumi ndi mmodzi. Kumtunda kwa tchalitchi tilipo awiri basi, iwo ndi ine Fernande, ndipo kwa zaka makumi atatu ine ndayang'anira mawindo awo, iwo anga.

Ndiye mwana wanga wa ku Clermont anati chisanu cha chaka chino sichindipeza kuno. Nkhaniyo ndinaisunga masabata awiri, chakudya chosalowa. Ndinali ndi mantha. Ndikachoka, a Léonie awayang'anira ndani? Kukagwa chipale chofewa, ngakhale wamakalata safika kumtunda kuno.

"Nkhope yakwinyikayi, chavuta n'chiyani?" anandifunsa a Léonie Lolemba tikusenda mbatatesi.

"Akudzanditenga Loweruka."

"Eee, mwayi wanu amwali! Ndipumeko, ndatopa nako kukuonani m'mawa uliwonse mutu uli nyankhalala."

"Nanga mukadzagwa m'bafa?"

"Ndidzadzuka. Kale lonseli mumandidzutsa ndinu?"

Sabata yonseyo ndikasuzumira ndinkapeza zitseko zawo zili zotsegula kale, seveni isanakwane n'komwe. Mtima unayamba kukhala pansi. Ndinkati mayiwa akadali ndi mphamvu kuposa ine.

Loweruka katundu atalowa m'galimoto ndinawoloka msewu kukatsanzika. Ndinagogoda, ndi kugogodanso. Ndikudikira, maso anagwera pa chitseko cha windo. Chinali chomangirira kukhoma ndi waya wa mpanda wa mbuzi. Chinzake chimodzimodzi.

Anatsegula patapita nthawi, atatsamira mpando, akadali m'zovala zogonera.

"Wayayu mwamanga liti?"

"Lachiwiri. Mwendowu m'mawa ukumakana mpaka naini. Mukanaona zotseka mukanayamba zolira zanu zija, osapitanso." Anandikankha paphewa. "Pitani, mwana akuliza hutala."

Ndinapita, ndipo ndikuchita nazo manyazi. Pokhota patchalitchi ndinacheuka. Zitseko za mawindo awo zinali zotsegula bwinobwino, ngati za munthu amene wadzuka ndi moyo. Mawa zidzakhalanso zotsegula, mkuja chimodzimodzi, kaya m'katimo mwachitika zotani.