Zitini za Mang Dencio

Sikisi koloko m'mawa inawapeza Mang Dencio atagona chagada pansi pa bedi, burashi m'manja, akupaka penti wofiira pa miyendo yake yachitsulo. Pamwamba panali akazi awo, Aling Siony, amene chiwagwirireni sitiroko sanatsikepo okha pabedipo. Bamboyo ankafulumira kuti penti aume madzi asanalowe, poti kuno ku Bulacan nyanja ikakwera siima pakhomo kuodira.

"Dencio, ukufuna undiphe ndi fungo?" anatero Aling Siony.

"Ndi anti-rust ameneyu. Amalimbana ndi dzimbiri."

"Ndiye ukanayambira mawondo akowo. Ndikuwamva kulira ndili kuno."

Mang Dencio sukulu anailekera panjira. Chingerezi chawo anachitola pa zitini ali mnyamata ku Navotas, komwe ankapala ndi kupenta kunsi kwa sitima zapamadzi. Kapitawo wina ndiye anawauza kuti mawu akayamba ndi anti, chinthucho anachipangira kulimbana ndi chimene chatchulidwa kutsogolo kwakeko. Anazigwira ndi manja awiri. Atabwerera kumudzi anakhala wopenta nyumba, ndipo ife amene sukulu sitinapite nayo patali timapita kwa iwo ndi timabotolo tathu. Iwo amavala magalasi, n'kuloza ndi chala chodzaza penti. Anti-termite ndi wa chiswe. Anti-slip ndi woti munthu asaterereke pamasitepe. Anti-fungal ndi kamafuta kopaka m'mipata ya zala zakumapazi zikayamba kuola ndi madzi. Amakonda kunena kuti chilichonse chovutitsa munthu, penapake pali wina amene anachiphikira mdani wake n'kumutsekera m'chitini.

Mayi wogulitsa timabanzi ta pandesal pakona sachedwa kuwaputa. "Mang Dencio, anti wa mwamuna woledzera mulibe?"

"Alipo, koma amapezeka kutchalitchi, ndipo sagwira msanga."

Chimene sanachipezere chitini chake ndi madzi. Nthaka ya mudzi uno ikutitimira chaka ndi chaka. Msewu akaukweza, madzi amathawira m'nyumba, ndiye aliyense amathira dothi ndi miyala mkati n'kuika simenti ina pamwamba. Pansi pamakwera, denga lili pomwepo. Mang Dencio anathira kangapo konse, moti lero mawindo awo ali m'mawondo, pakhomo amalowa chowerama ngati m'khola la nkhuku, ndipo mkatimo sangaime njo. Malo othira atatha, anayamba kukweza bedi. Anaika mabuloko pansi pa miyendo, chaka china n'kusanjikiza ena. Panopa Aling Siony akatambasula dzanja lawo labwinolo amagwira malata, ndipo masana malatawo amawawotcha kumaso. Buloko lina silingakwanenso.

Mwana wawo yekhayo, amene amagwira ntchito zapakhomo ku Hong Kong, anaimbapo foni kuti asamukire kutauni ya Malolos, akawapezera chipinda kumtunda. Aling Siony anakana foni ili kukhutu. Anati iwo si thumba la mpunga loti anthu azilinyamula n'kukaliunjika pakona ya nyumba ya eni ake. Moyo wawo wonse anali mzimayi wothandiza anzake pobereka ndi posamba makanda, ndiye kusungidwa chifukwa cha chisoni anati bola madzi awapeze pakwawo. Mang Dencio akayamba nkhaniyi, mayiwo amatembenukira kukhoma.

Sabata yathayi bamboyo anakwera jipu yonyamula anthu kupita kusitolo yaikulu ya zomangira ku Malolos. Anayenda shelefu ndi shelefu akuwerenga chitini chilichonse, mpaka mtsikana wogulitsa anawayandikira.

"Tatay, bambo anga, mukufuna anti wa chiyani?"

"Wa madzi."

Mtsikanayo anawabweretsera chopaka padenga lodontha. Bamboyo anachitembenuza, n'kumubwezera bwinobwino. "Awa ndi madzi ochokera kumwamba, mwanangu. Athuwa amachokera pansi." Anabwerera ndi kachitini kakang'ono ka penti wofiira uja, poti kubwera chimanjamanja kunawachititsa manyazi.

M'mawa wopenta bedi uja madzi sanadikire kuti penti aume. Anayambira pabowo la kubafa, mwakachetechete, kenako anadzera pakhomo atatenga mapepala a siwiti ndi patapata wa mwana wa eni. Mang Dencio anatuluka pansi pa bedi, anavala majombo, n'kukhala pampando wautali mutu atauweramitsa kuopa malata. Anaona buloko lapansi likumira, kenako lapamwamba. Madzi anagwira chitsulo, penti n'kuyamba kuyandama ngati mafuta pamsuzi. Anakwerabe mpaka kunatsala pang'ono, mwina kutalika kwa chala, kuti anyambite matiresi. Kumwamba kunali kopanda mtambo. Mvula ya mphepo ya kumadzulo ija, imene imakumana ndi nyanja itakwera, inali isanayambe n'komwe.

"Afika pati?" anafunsa Aling Siony, maso ali kudenga.

"Akadali kutali."

"Wabodza iwe. Ndikumva mapoto akugundana."

"Akungochezerana."

Mayiwo sanaseke. Anatsitsa dzanja m'mbali mwa bedi, zala zinabwerako zonyowa ndi zofiira, ndipo anazipukutira pabulangete. Mang Dencio anaona zonsezi. Anaganiza zowabereka kumsana pomwepo, koma kupita nawo kuti, munthu amene wakana? Anangokhala, chitini pamiyendo, mpaka madzi anayamba kubwerera okha.

Dzuwa litapendeka Mang Dencio anafika kwathu, poti ndine mnansi wawo. Nyumba yathu ili ndi chipinda cham'mwamba, chimene bambo a mwana wanga anamanga asanabwerere kuntchito yawo ya panyanja. Mang Dencio anandipeza ndikuyanika matewera pakhonde, mwana ali kumsana. Anakana mpando, anakananso khofi. Anayamba ndi kuyang'ana geti lathu, akuti layamba dzimbiri ndipo adzalipaka ulere. Kenako anavula chipewa.

"Neng, mwezi ukadzakhala wathunthu nyanja idzakwera kuposa lero, madzi adzafika pamatiresi. Ine ndalephera. Ndikupempha kuti Siony adzakhale m'mwambamu mpaka mvula ithe. Kunyamula ndidzanyamula ndekha, chakudya chake ndidzabweretsa, sudzachapa kanthu. Koma za madzi usakatchule. Upite mawa ukamudandaulire kuti mwanayu akukuvuta, sukudziwa kumusambitsa, ulibe mayi pafupi. Ulire pang'ono ngati ungathe. Ukamupemphe iweyo kuti adzakuthandize."