Nyumba Yotsalira ndi Buledi Mmodzi

Bambo anga anaphika buledi kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi pa bekale ya pafupi ndi msika, ndipo pa zaka zonsezo mayi anga sanalaweko buledi wa tsiku lomwelo. Ndikauza anthu amati ndikukokomeza. Ndikokomezeranji? Ine ndinakulira m'nyumbamo, mano angawa ndi mboni.

Mlandu wake akuti ndi wanga. Tsiku limene bambo anayamba ntchito ndi lomwe ine ndinabadwa. Pa bekalepo wophika aliyense poweruka ankatenga buledi mmodzi waulere, wokanda yekha. Bambo anafika kunyumba masana, buledi ali m'khwapa akutentha, aneba n'kuwauza kuti mayi athamangira nawo kuchipatala. Anaponya bulediyo pamwamba pa kabati n'kuliyatsa liwiro. Mawa lake anaweruka ndi wina, ndiye m'nyumba munali mabuledi awiri. Anawayang'ana onse, n'kugamula kuti wakale ayambe kutha, watsopano adikire. Wadzulo anapita naye kuchipatala, walero n'kumutsekera m'chitini. Kuyambira pamenepo nyumba yathu inatsalira ndi buledi mmodzi, ndipo sinathenso kumupeza.

Tsiku lililonse zinkayenda chimodzimodzi. Fungo linkafika bambo asanatsegule n'komwe chitseko. Ankalowa, kupukuta nsapato, kukwera pa kampando, kutsitsa chitini chachikulu, kutulutsa wadzulo, kulowetsa walero, kutseka, n'kubwezera pamwamba pa kabati. Ine ndi achimwene anga awiri tili pansi, makosi m'mwamba, tikumeza malovu. Mayi ankathira tiyi, bambo n'kucheka wadzuloyo, ife n'kumaviika mpaka afewe. M'nyumba monse munkanunkhira buledi wina, m'kamwa muli wina.

Loweruka ankapatsidwa awiri chifukwa Lamlungu sankagwira ntchito. Musaganize kuti apo tinkaona bwino. Loweruka tinkadya wa Lachisanu, Lamlungu woyamba wa Loweruka, Lolemba wachiwiri uja, amene pofika nthawiyo anali atakhwima moti achimwene aakulu anakhomera naye msomali wa kalendala. Tchuthi bambo sankatenga. Chaka china anadwala malungo, ndipo Mulungu andikhululukire, tinasangalala pang'ono poganiza kuti mzere uduka. Masana tinangomva belu la njinga. Mnzawo wa pa uvuni wabweretsa buledi. Bambo anadzuka akunjenjemera, atafunda bulangete, n'kukwera pa kampando paja.

Si buledi yekha. Machesi ankawang'amba pakati ndi lezala, kamtengo kamodzi n'kukhala tiwiri, ndipo tonse tiwiri tinkathyoka poyatsa. Tizidutswa ta sopo, wosambira ndi wochapira yemwe, ankatimata pamodzi mpaka tikhale mpira wa mawangamawanga, moti munthu sunkadziwa ngati ukusamba kapena ukudzichapa. Wailesi ankaizimitsa ikayamba nyimbo, ati nyimbo sinena chatsopano, n'kuiyatsa akaganiza kuti yatha. Nkhani zambiri tinkazimva kuyambira pakati. Tikamachoka tonse pakhomo ankachotsa batire mu wotchi ya pakhoma. Mayi atadandaula, anawafunsa kuti wotchiyo itsala ikuuza ndani nthawi, mipando? Wotchi yathu inali ndi nthawi yakeyake, yosagwirizana ndi ya dziko.

Ndisawanamizire. Malipiro anali ochepa, ankafika pakati pa mwezi ali wefuwefu. Koma tonse atatu tinaphunzira, tinavala nsapato, ndipo sitinagonepo ndi njala. Izi ndimavomera, ngakhale ndimavomera ndikukukuta mano.

Anthu a mumsewu mwathu anawapatsa dzina loti a Wadzulo, ndipo ife tinali ana a Wadzulo. Bambo sankakwiya nalo, ankaliyankha ngati udindo. Wina akawaseka ankangoti chakudza sichiimba ng'oma, ndipo nyumba yokhala ndi buledi wa mawa m'chitini siopa kucha. Mayi ankayankha kuchokera kukhitchini kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Miyambi iwiriyi inamenyana m'nyumba mwathu zaka zonse za ubwana wanga, ndipo wa bambo ndi umene unkapambana chifukwa ndi umene unali ndi kampando.

Chowawa n'chakuti buledi wa bambo anali wotchuka. Anthu ankadutsa mabekale awiri kutsata wawo. Mayi akapita kumsika, amayi anzawo ankawauza kuti ali ndi mwayi, amadya wa pamoto, wofewa ngati tsaya la khanda. Mayi ankangomwetulira n'kunena kuti eya, ndi wofewadi. Akafika kunyumba ankatsuka mbale mwaphokoso.

Osati kuti sanayese. Tsiku lina bambo atapita kosamba m'manja, mayi anasinthanitsa msanga, wadzulo m'chitini, walero patebulo. Bambo atabwera anagogoda bulediyo ndi chala monga amachitira adokotala pachifuwa, anamvetsera, n'kunena kuti uyu nthawi yake sinakwane. Anakweranso pa kampando.

Ulendo wina mayi anaitana mng'ono wawo, amayi aang'ono, munthu wodziwika kuti mbale saisiya ndi manyazi. Anabwera m'mawa bambo ali kuntchito, ndipo anamaliza wadzulo yense ndi makapu anayi a tiyi. Tinadikira masana mitima ili m'mwamba. Bambo anatsegula chitini, anapeza mulibe kanthu, anamva nkhani yonse modekha. Kenako anati palibe vuto, ndiye kuti buledi wa lero wadyedwa kale, anangodyedwa molawirira. Analowetsa watsopano n'kutseka. Tsiku limenelo tinamwa tiyi wopanda chotsitsira, fungo likutizungulira.

Ine nditayamba ntchito yoluka tsitsi pa saluni, ndinati izi zatha. Ndinapita pa bekale pomwepo, ndinagula buledi wotentha, n'kuthamanga naye kunyumba bambo asanaweruke. Ndinamuika pamaso pa mayi ndi mpeni. Mayi anamuyang'ana, anamununkhiza, n'kumukankhira kwa ine.

“Pa bekale paja pali ophika atatu,” anatero. “Uyu sindikudziwa anakanda ndani. Ine ndikufuna wa abambo akowo, ndipo andichekere okha. Zakuba ayi.”

Ndinapsa mtima moti nanenso sindinadye. Bambo anamupeza patebulo, anandidzudzula kuti kugula buledi m'nyumba muli awiri ndi misala, kenako anamulowetsa pamzere. Tinatsalira ndi mabuledi awiri kwa mwezi wathunthu, mpaka bambo atakonza zinthu pocheka zidutswa zonenepa. Achimwene anali atachoka kale pakhomo, ndiye ntchito yotafuna inali ya ife atatu.

Kenako inafika kalata yoti bambo apume pa ntchito kumapeto kwa mwezi. Bekale inali itagula makina okanda ufa, ndipo tsiku lawo lomaliza linali Lachinayi. Mayi anamva nkhaniyi akusoka batani. Anamaliza kusoka, analuma ulusi, analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi chikwama chachikulu chimene anachiika pafupi ndi chitseko.

“Inu abambo,” anatero, “Lachinayi mubweretsa womaliza. Akalowa m'chitini ameneyo, ine ndikutuluka pakhomo pano, ndikakhala kwa mng'ono wanga. Dziko lonse ladya buledi wanu. Ine ndekha mkazi wanu ndimangomva kwa anthu.”

Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinandiopsa. Bambo anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Mayi anati khosi alisunga mpaka lachita makwinya.

Mlungu wonsewo bambo ankayendayenda m'nyumba ngati munthu wotaya kiyi. Lolemba anabwera ndi nzeru yoti wadzulo azimuika pa nthunzi ya ketulo, ati amabwerera mwakale. Lachiwiri anati azilola mayi kugwira walero asanalowe m'chitini, kumufinya pang'ono ngati akufuna. Mayi anawonjezera nsapato m'chikwama. Lachitatu bambo sanabwere ndi nzeru iliyonse. Anaiwala ngakhale kuzimitsa wailesi, tinamva nyimbo yonse mpaka kumapeto, koyamba m'moyo wanga.

Lachinayi ndinapempha kuweruka msanga. Ndinapeza mayi atavala diresi la paulendo, atakhala pampando woyang'ana kukhomo, chikwama pamiyendo. Fungo linafika, kenako bambo. M'khwapa limodzi anali ndi buledi, linalo wotchi ya pakhoma imene abwana anawapatsa powathokoza. Batire anali atachotsa kale m'njira.

Anapukuta nsapato. Anakwera pa kampando, anatsitsa chitini, natulutsa wa Lachitatu. Mayi anaimirira n'kukoleka chikwama paphewa. Ine ndinaona kuti akupitadi.

“Takhalani pansi, mayi,” anatero bambo. “Wakale ayambe kutha, zimenezo sizisintha. Koma palibe paliponse pamene ndinanena kuti amudye ndani.”

Anakhala patebulo, anaika buledi wa Lachitatu patsogolo pawo, n'kundituma jagi ya madzi. Tiyi anakana, ati shuga sawonongera nkhani ngati imeneyi. Ndinawakumbutsa kuti paja m'nyumba muno sadya mabuledi awiri tsiku limodzi. Anati iwo sakudya wa lero, akudyeratu magawo awo a mlungu wamawa.

Anayamba. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri, mano a m'mbali atatha theka, kulimbana ndi buledi wathunthu wouma. Chidutswa choyamba ndi chachiwiri zinapita bwino. Pa chachisanu thukuta linali kamukamu. Pa chachisanu ndi chiwiri anatsamwa, maso anatuzuka, ine n'kuwamenya pamsana ndi mkwiyo wa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ndinati ndiwathandize ziwiri zokha. Anaphimba mbale ndi dzanja, ati magawo ndi awo. Anamasula lamba, anamwa madzi, n'kupitiriza.

Mayi anali ataika chikwama pansi. Ataona kuti ntchito ikuchedwa, anavula juzi, anakulunga buledi watsopano uja n'kumufungatira pachifuwa kuti asazizire. Anakhala choncho akuyang'ana amuna awo akutafuna ngati ng'ombe yodwala. Sindingakuuzeni kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji, chifukwa m'nyumbamo munali mawotchi awiri ndipo palibe imene ndikanaikhulupirira.

Pomaliza bambo anatola nyenyeswa ndi chala chonyowa, anameza, anageya, napepesa. Anatambasula manja onse awiri. Mayi anamasula juzi n'kuwapatsa. Mpeni utalowa, kanthunzi kanatuluka pakati. Bambo amene ankatha kucheka chidutswa choti uone dzuwa kuseri kwake, tsiku limenelo anacheka chonenepa zala zitatu, n'kuchipereka ndi manja awiri.

Mayi sanaviike mu tiyi. Anachidina ndi chala chachikulu, padzenjepo n'kubwerera pokha. Anadinanso. Kenako analuma, n'kutafuna pang'onopang'ono, ndipo nsagwada zawo zozolowera nkhondo zinkaoneka kuti zasowa chochita. Misozi inatsika, koma sanasiye kutafuna.

“Kodi ndi chonchi?” anafunsa.

“Ndi choncho.”

“Masiku onsewa?”

“Lachiwiri amaposa apa,” anatero bambo, “ufa ukakhala wofika kumene.”

“Ndinu munthu woipa, inu abambo,” anatero mayi, n'kulumanso.

Nanenso misozi inalengeza, sindibisa, koma njala ndi njala. Ndinakoka mpeni kuti ndichekeko changa. Ndi pamene ndinaona kumene bambo ankayang'ana. Chitini chinali patebulo chili kukamwa yasa, ndipo ndinaona pansi pake, pamene panali dzimbiri looneka ngati buledi. Bambo ankayang'ana mmenemo, manja ali pamimba, nkhope ngati ya munthu amene mphepo yamusasulira denga. Mawa kunalibe kopita m'mawa, kunalibe chobwera nacho masana, ndipo buledi amene anamusungira tsiku ngati limeneli kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi anali atamumeza yekha ndi madzi.

Mayi nawo anaona. Anamaliza chidutswa chawo, ananyambita chala, n'kundimenya padzanja mpeni mpaka kugwa. Anakulunga wotsalayo m'pepala lake, anamulowetsa m'chitini, anatseka, ndipo anakwera okha pa kampando kaja, diresi la paulendo lili m'thupi.

“Uyu ndi wa mawa,” anatero.

Bambo anawagwirira kampando kuti kasagwedere. Ine changa ndinadya Lachisanu, choviika mu tiyi.