Kachitsulo ka a Chalachakuda

Mumsewu wa osindikiza mabuku munali bambo ena amene aliyense ankawatchula kuti a Chalachakuda, poti inki inawalowa m'zikhadabo mpaka sopo anachita kugonja. Makina awo anali okalamba, ndipo nyengo ya mvula mapepala ankamatana n'kumalowa awiriawiri. Tsiku lina bambowa anapinda kachitsulo, n'kukaveka kalabala kunsonga kuti kazilekanitsa mapepalawo. Vuto linathera pomwepo.

Anzawo atamva anayamba kubwera kudzasuzumira. Iwo sankabisa kanthu. Ankamasula kachitsuloko n'kuwaonetsa popinda, ena mpaka kukawamangira pamakina awo.

Patapita zaka, mwana wawo wamkazi, yemwe anaphunzira zamalamulo, anati, "Bambo, nzeru imeneyi ndi yanu. Tikailembetse kuboma kuti wina asamapange popanda chilolezo chanu."

Analembetsadi, koma a ku ofesi anakana, amvekere chinthucho si chatsopano, chinkadziwika kale. Mwanayo anachita apilo.

Tsiku la apilo bambowa anavala jekete lowathina m'khwapa, n'kukhala moyang'anizana ndi akuluakulu atatu. Wapampando, mayi wa magalasi, anati, "Kachitsulo kotereka takapeza m'mashopu ambiri a mumsewu wanu."

"Eetu, ndinawamangira ndine," anayankha monyadira.

"Munawauza kuti asunge chinsinsi?"

"Chinsinsi? Mnzanga mapepala akumuonongekera, ana akudikira mabuku kusukulu, ine ndizikamba za chinsinsi?"

Mwana uja anawaponda phazi kunsi kwa tebulo.

"Iwe, ukundiponderanji?" anafunsa mokweza, moti wapampando anabisa kumwetulira kuseri kwa dzanja.

Apilo inakanidwa. Mayiyo anafotokoza mwaulemu kuti nzeru ikaonetsedwa poyera isanalembetsedwe, imasiya kukhala yatsopano, ngakhale woionetsayo akhale mwini wake. Potuluka, mayiyo anawagwira chanza bambowo kwa nthawi ndithu.

M'basi mwanayo anangoti ndwii, maso ali pawindo. Bambo ake zinawakhudza, osati za kachitsulo, koma poona kuti mwana anavutikira pachabe.

"Usadandaule, mayi wanga," anatero. "Ndili ndi nzeru ina, youmitsira inki msanga. Imeneyo ukalembetse."

Mwanayo anatembenuka. "Mwauzako ndani?"

"Amalume ako okha." Anakanda kumutu. "Ndi wodula mapepala uja. Komanso mayi wamasiye wapakona, poti makalendala ake ankangodetsana."

Mwanayo anagwira kumaso n'kuseka mpaka misozi, anthu m'basimo kuchita kucheuka.