Chala cha Clarrie

Mlongo wanga Clarrie Dunstan anabadwa pa 9 Juni 1951, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanakhalepo phee. Pa 3 Febuluwale 1986 anayamba kugawa makalata m'mafamu a nkhosa kumadzulo kwa tauni ya Cunnamulla, makilomita mazana anayi a fumbi, kawiri pa sabata. Kuno oyendetsa galimoto akakumana, aliyense amadzutsa chala chimodzi pa chiwongolero. Wosadzutsa ndi mlendo, kapena wakwiya. Clarrie ankadzutsira ngakhale ng'ombe.

Lachinayi pa 14 Marichi 2019, akumanga thumba la makalata, mtsempha unaphulika kumanzere kwa ubongo wake. Anapulumuka. Mwendo unabwerera pang'onopang'ono, koma dzanja lamanja linangofumbata, ndipo laisensi anamulanda mpaka madokotala atanena zina.

Ndinayamba kumuyendetsa ndine, mphunzitsi wopuma amene ndimagwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"Achemwali, wa galimoto ikubwerayo ndi Merv! Dzutsani chala!"

"Ndikuyang'ana msewu, iwe."

"Msewu wowongoka ngati lula wanu? Anthu aziti kwa a Dunstan kwagwa mkwiyo."

Pa 8 Okotobala tinapita kuchipatala cha ku Toowoomba kukajambulitsa ubongo kachiwiri. Anamuvula lamba ndi wotchi, n'kumulowetsa m'makina ogogoda aja, nati asagwedezeke. Anagwedezeka katatu. Mayi wojambulayo anayambiranso katatu.

"Bambo Dunstan, muli ndi nyerere m'buluku?"

"Mayi, zaka 33 ndakhala m'galimoto yogogoda kuposa iyi, koma ija inkapita kwinakwake."

Dokotala Tran anatiikira zithunzi ziwiri, cha pa 2 Epulo ndi chatsopanocho. Analoza mizere iwiri yotsika kuchoka pamwamba pa ubongo, nati ndiyo njira imene uthenga umadzera popita m'manja ndi m'miyendo. Wina unali wonenepa ngati chingwe. Wa mbali yovulalayo unali utaonda kuposa mu Epulo.

"Wadukiratu?" Clarrie anafunsa.

"Ayi, sunaduke. Zatsala zingwe zochepa."

"Ndiye kuti n'kodutsika. Ndadutsapo misewu yoipa kuposa uwu. Laisensi yanga?"

"Chithunzi sichingalonjeze, bambo. Dzanja lidzanena lokha. Mubwerenso pa 7 Epulo chaka chamawa."

Ndinalemba tsikulo. Clarrie anali atafika kale pakhomo.

M'mawa mwake tinanyamuka. Tinadutsa tauni ya St George. Clarrie ankatsegula wailesi, kutseka, kutsitsa galasi, kukweza. Kenako anatenga dzanja lamanja ndi lamanzere, n'kuligoneka pa bondo ngati pa chiwongolero. Galimoto iliyonse ikatulukira kutsogolo ankayang'anitsitsa dzanjalo, thukuta lili pamphumi. Zinadutsa zisanu ndi imodzi. Yachisanu ndi chiwiri inali lole ya nkhosa, ndipo woyendetsa anatidzutsira chala. Ine sindinayankhe. Fumbi lake litatha, Clarrie anakuwa.

"Imani! Taonani!"

Ndinaima. Chala cha mkombaphala chinali chitadzuka pa bondo, pang'ono pokha, mpata woti n'kulowetsapo envelopu. Chinanjenjemera, n'kugwa. Inali 2:40 masana, pa 9 Okotobala.

"Chachedwa," ndinatero. "Lole ija yapita kalekale."

"Ndiye mukudikira chiyani, aphunzitsi? Tembenuzani galimoto. Munthu uja watipatsa moni, sitinamuyankhe."

Ndinatembenuza.