Misangu ya Nabanda

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha njinga yamoto. Nditamaliza maphunziro a zachuma cha ulimi ku koleji, ndinabwerera kwathu ku Tamanda, kumene bambo anga ankaphunzitsa, ndipo ndinakhala pakhomo dzinja lonse, setifiketi ili m'sutikesi. Lamulungu lina abusa analengeza kuti bungwe lina lachitukuko ku Chipata likufuna mlangizi wa zaulimi, koma akhale wodziwa kuyendetsa njinga yamoto. Ndinapempha bambo wina wa pachipatala amene anali nayo kuti andiphunzitse pabwalo la mpira, ndipo ndinagwa nayo mpaka kugwako kunanditopa. Mayi anga anandisokera buluku lovala m'kati mwa chitenje, nati, “Ukatsika pa chinthucho, uziyamba wakonza chitenje usanapereke moni.” Lamulo limenelo ndikulisungabe.

Amene anandilemba ntchito anali a Zulu, mkulu wa alangizi, munthu wosunga nthawi ndi wosakonda kubwezedwa mawu. Setifiketi anangoiyang'ana pamwamba. Anandipatsa kiyi, nati ndizungulire ofesi ndi njingayo. Nditaima bwinobwino pamaso pawo anati, “Lolemba muyambe. Dera lanu ndi midzi ya kuseri kwa Chiparamba.”

Zinali zaka zimene mtengo wa feteleza unakwera kotero kuti alimi ambiri anangomusiya. Ntchito yathu inali yophunzitsa anthu kubzala misangu m'minda ya chimanga. Msangu ndi mtengo wa khalidwe lakelake: umayoyola masamba mvula ikayamba, n'kuphukanso m'chilimwe. Motero chimanga cha pansi pake sichisowa dzuwa, ndipo masamba ogwawo amasanduka chakudya cha nthaka. Koma ndi chuma chochedwa. Thukuta umakhetsa chaka chino, phindu lenileni n'kudzaoneka mwana wobadwa chaka chomwecho ali kale pasukulu. Wobzala msangu ayenera kukhala ndi chikhulupiriro chakuti iye kapena ana ake adzakhala akulimabe pamenepo.

Kufesa kwake n'kofuna chisamaliro. Njere ya msangu ili ndi khungu lolimba, choncho timaidula pang'ono ndi chowengera zikhadabo, mbali yotalikirana ndi kamaso kake, kenako n'kuiviika m'madzi mpaka itafufuma. M'machubu, timatumba tapulasitiki tofeseramo, timathiramo dothi losakaniza ndi mchenga ndi manyowa owola bwino. Machubuwo sitiika pansi ayi. Timawasanja pa thandala, kuti muzu ukatulukira kunsi ukumane ndi mphepo n'kuima, m'malo molowa m'nthaka ya pa nazale. Muzu wapakatiwo ndiwo moyo wa msangu. Ukaduka, mtengo umafota. Kumunda timayeza ndi chingwe ndi zikhomo, mamita khumi mbali zonse, ndipo mbande iliyonse timaitchinga ndi minga chifukwa cha mbuzi.

Mlimi amene anagwira ntchitoyi koposa onse anali a Damiyano Mbewe, bambo wa ana anayi, woimba kwaya ku tchalitchi cha Akatolika. Kwawo kunali cha ku Katete. M'mudzi wina wa m'dera langa anabwera kudzakwatira mayi wotchedwa Nabanda. Mwezi wa Okutobala, chitsime chitaphwa, a Mbewe ankatunga madzi kudambo pa njinga yakapalasa kuti mbande zisafe. Mvula itakhazikika, anabzala munda wonse m'mizere yowongoka ngati yojambula.

Akamwini ena a m'mudzimo ankalandira mbande mwaulemu, n'kukaziunjika kuseri kwa nkhokwe. Chifukwa chake sichinali ulesi. Ife kwathu ndife Angoni, munda umatsata bambo. Koma m'mudzi wa Achewa umenewo munda ndi wa mbumba, ndiye kuti wa amayi ndi ana awo, ndipo woyang'anira ndi mlongo wawo wamwamuna. Mkamwini amalima, amakolola, amadya, koma kubzala mtengo kumamveka ngati kunena kuti pano ndi panga. Ndinakafotokoza zimenezi ku ofesi, n'kupempha kuti mbande tizizipereka m'manja mwa amayi. A Zulu anandiyankha mwachidule: “Mayi Jere, ife timagwira ntchito ndi mutu wa banja. Za maukwati a anthu si za ofesi ino.”

Chakumapeto kwa Januwale tinakonza tsiku la chionetsero pamunda wa a Mbewe, ndipo kunayenera kubwera alendo ochokera ku Lusaka. Dzulo lake, ine ndili kumudzi wina, a Zulu anatumiza anthu kukazika chikwangwani chachitsulo m'mbali mwa msewu, cholembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti uwu ndi munda wachitsanzo wa a D. Mbewe.

Ndinafika m'mamawa kuti ndikonze mabenchi. Ndinapeza mzere woyamba wa misangu uli gone pamwamba pa nthaka, mizu ili padzuwa. Wozulayo anali a Sitefano Banda, mlongo wake wa Nabanda, amene ankasoka zovala ku Nabvutika, m'tauni ya Chipata. Uthenga wa chikwangwani unawapeza madzulo, ndipo anapalasa njinga kusanache. A Mbewe anali ataima chapatali, manja ali kumbuyo. Nabanda anakhala pa mzere wa chimanga, atadziphimba pakamwa ndi chitenje.

“Alamu,” ankatero a Banda, “ine ndinakupatsani mlongo wanga ndi malo omanga nyumba. Munda ndinakupatsani liti?”

“Ndani wanena kuti munda ndi wanga, alamu?”

“Chitsulo chija chanena. Kapena mukuyesa telala sadziwa kuwerenga? Tambala wobwereka amalira m'mawa, inde, koma samanga khola lake.”

A Mbewe anayankha motsitsa mawu, ndipo kutsitsako ndiko kunandiopsa. “Zulani yonse, alamu. Mukamaliza, ine ndikamanga zovala zanga. Dzuwa lisanalowe ndikhala ndili pa msewu wa ku Katete. Munthu sangakhale pamudzi pamene thukuta lake amaliyesa kuba.”

Ndinazimitsa njinga, ndinakonza chitenje, ndinapereka moni kwa aliyense monga mwa msinkhu wake, kuyambira a Banda. Kenako ndinawapempha kuti tikhale pansi andiuze chimene chawapweteka. Sanali munthu woipa. Anandilozera tsidya la dambo, kumene kunali mitengo ya mango. Anati mango amenewo anabzala mkamwini wa amayi awo aang'ono. Atamwalira, abale ake ankabwera chaka ndi chaka kudzathyola zipatso za m'bale wawo. Kenako anamanga kachisakasa kolondera. Pofika nthawi imeneyo theka la munda linali litapita. “Mtengo suyenda, a mlangizi,” anatero. “Munthu amafa, ukwati umatha, koma mtengo umatsala n'kumachitira umboni amene anauika.”

Za chonde cha nthaka sindinatchule n'komwe, chifukwa nkhani sinali pa nthaka. Ndinabwereka khasu la Nabanda, ndinapita kumsewu, ndinakumba chikwangwani chija n'kuchigoneka chafufumimba m'udzu. Chinali katundu wa ofesi, ndipo ndinadziwa kuti ndidzayankhapo. Nditabwerera ndinafunsa:

“A Banda, mtengo woikidwa m'dzenje ndi dzanja la Nabanda ndi wa yani?”

“Wa mbumba. Pamenepo palibe mlandu.”

“Nanga dzenjelo akakumba alamu anu?”

Anaseka pang'ono, koyamba m'mawa umenewo. “Dzenje ndi ganyu. Dzenje angakumbe aliyense, ndi nkhumba yomwe.”

“Zikomo, alamu,” anatero a Mbewe. “Ndinali tambala, tsopano mwandikweza udindo.”

Ndinayesa kuti tamaliza, ndipo ndinanena kuti mzere wozulidwawo aubzalenso Nabanda. Koma a Banda analoza munda wonse. “Nanga iyi? Iyi inalowa kale ndi dzanja la alamu. Ituluke, ilowenso.”

Apa m'pamene panali povuta. Mbande zimenezo zinali zitakhala m'nthaka kuyambira Disembala, ndipo mizu yake inali itapita pansi. Ndinadziwa kuti tikazikumba, zambiri zifa. Ndinadziwanso kuti ndikakana, a Banda adikira alendo apite n'kuzizula zonse, ndipo ana anayi agona bambo awo ali ku Katete. Ku koleji anatiphunzitsa kuyerekeza chotaya ndi chopeza. Sindinaganizepo kuti ndidzachita zimenezo nditaima pakati pa munthu ndi mlamu wake. Ndinavomera, koma ndinati ntchitoyo ichitike m'njira yanga, osati kuzula ndi manja ngati chisoso.

Otsala anali a Mbewe. Ndinawatengera pambali. “Bambo,” ndinatero, “ana anu ndiwo mbumba ya pano. Mitengo iyi ikatchedwa yanu, mawa anthu adzailimbirana pamitu pawo. Ikatchedwa ya amayi awo, palibe adzawachotse pansi pake. Munkatunga madzi kudambo chifukwa cha dzina kapena chifukwa cha anawo?”

Anayang'ana mizere yawo. Kenako anatola khasu. “Ndikumba ndine,” anatero mokweza kuti onse amve. “Enawa manja awo ndi a singano, angadule mizu.”

Tinayamba. A Mbewe ankakumba mozungulira mbande, motalikira ndi tsinde, kuya mpaka mkono wonse, n'kuitukula ndi chibuma chake pa saka. Nabanda ankailandira ndi manja awiri n'kuibwezera m'dzenje lomwelo. A Banda ankatsendera dothi ndi chidendene, ine n'kuthira madzi ndi kheni ndi kuzika nthambi ya masamba kuti ichite mthunzi. Mtengo womwewo, dzenje lomwelo. Chosintha chinali dzanja lokha.

Galimoto ya ofesi inatipeza tili pakati pa munda, matope ali m'mawondo, alimi a midzi yozungulira atadzaza kale mabenchi n'kumationerera. A Zulu anatsika, nayang'ana pamene panayenera kukhala chikwangwani, nabwera kwa ine mofulumira.

“Mayi Jere, kodi dzuwa lakulowani m'mutu? Alendo abwera kudzaona mitengo yomera, inu mukuikumba? Chikwangwani chili kuti?”

“Chagona m'udzu, bwana. Ndachigoneka ndine.”

“Lolemba mundipeze mu ofesi.”

Sindinawatsutse pamaso pa anthu, chifukwa si mwambo wanga. Ndinangopempha chilolezo cholankhula ndi msonkhano, ndipo poti alendo anali akumva, sakanatha kukana. Ndinafotokoza za muzu wa msangu, za thandala, za chingwe ndi zikhomo, monga tinakonzera. Kenako ndinanena kuti pamunda uno wokumba ndi a Mbewe, woika ndi Nabanda, mboni ndi a Banda, ndipo mitengo ndi ya mbumba. Pabenchi la kumbuyo mkamwini wina anaimirira, nati, “Ngati zili choncho, a mlangizi, zanga zili kuseri kwa nkhokwe, sizinafe zonse. Mayi a kunyumba akaziike mawa.” Amayi anaseka n'kuomba m'manja, ndipo chionetsero chisanathe ena anali atandizinga, kufunsa ngati pa thandala patsala mbande.

Lolemba a Zulu anandidzudzula kwambiri chifukwa chochotsa katundu wa ofesi popanda chilolezo ndi kuwachititsa manyazi pamaso pa alendo. Pa za katundu ndinapepesa, chifukwa anali ndi mfundo. Pa zinazo sindinapepese. Anandichenjeza kuti ndikadzabwereza ndidzasiya kiyi wa njinga patebulo. Misangu yambiri ya m'munda uja inafotadi, monga ndinayembekezera, ndipo Nabanda anabwezeramo ina yochokera pa nazale. Chaka chotsatira a Zulu analamula kuti mbande zizilandiridwa ndi mwini munda pamodzi ndi wolima, ndipo zikwangwani zizingotchula dzina la mudzi. Sananene kuti maganizowo anachokera kuti, ndipo ine sindinawakumbutse.

Papita zaka zambiri. Ndagwira ntchito m'mabungwe angapo, ndaphunzitsa alangizi achinyamata amene amabwera ndi mafoni odziwa kuyeza munda ndi kulosera mvula. Zipangizo zimenezo n'zabwino, ndipo sindizinyoza. Koma aliyense wa iwo ndimamuuza chimodzi asanakwere njinga: usanafunse chimene nthaka ikusowa, funsa kuti nthakayo ndi ya yani, wolima ndani, ndipo adzakolola ndani iwe utachoka. Chitukuko chimene sichinayankhe mafunso amenewo chimatha tsiku limene galimoto ya ofesi yasiya kubwera.

Chilimwe chathachi ndinadutsa njira ya ku Chiparamba ndipo ndinapatuka. A Banda anatisiya kale. Munda tsopano amalima mwana wamkazi woyamba wa Nabanda, ndipo anandionetsa nkhokwe yake asanandionetse china chilichonse. Misangu inakula, nthambi zake zinayanza, ndipo anthu a kumeneko akamalongosola njira amati ukafika pa misangu ya Nabanda ukhotere kumanja. A Mbewe ndinawapeza pansi pa umodzi mwa iyo, imvi zili mbuu, akusema mpini. Ndinakonza chitenje, ndinawapatsa moni, ndipo ndinawayamikira chifukwa cha mitengo yawo.

“Yanga?” anatero, akuyang'ana uku ndi uku ngati wina angamve. “Musandiputire mlandu, a mlangizi. Ine ndinangokumba maenje. Pano ndine mlendo, ndangopempha mthunzi kwa mwana wanga.”

Anasendera pang'ono pa chikumba chimene anakhalira, nandisiyira malo.