Galu Wanu Wogontha, aNaphiri

Ine Zefaniya Akimu Mwale, wa zaka 78, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito wa ku Sinda, ndikulembera inu akazi anga aNaphiri, pakuti lero chakwana chaka chitisiyireni.

Kodi mukukumbukira tsiku limene Thonje, galu woyera wa mtundu wa bulu teriya, wa mutu ngati dzira, amene mwana wathu anabwera naye kuchokera ku Lusaka, anagwira mwendo wa mbuzi ya a Tembo? Ndinakuwa kufikira mawu anasasa, ngakhale ndinali kudziwa bwino kuti galuyo anabadwa wogontha. Inu munangoima patsogolo pake n'kuchita kanthu kena ndi dzanja, pomwepo nsagwada zake zinamasuka. Ndipo munati, "Aphunzitsi, uyu si wa giredi faifi. Tsitsani mawu."

Dzulo anagwiranso mbuzi ina ya a Tembo. Ndinaima patsogolo pake, ndinatambasula dzanja, ndinafumbata, ndinaloza pansi, anthu akuonerera, koma iye sanasiye kufikira mbuziyo inafa. A Tembo anena mwaulemu kuti akadzabwereza adzamupha, ndipo sindingathe kuwatsutsa. Tsiku lija ndinali pambali panu, koma maso anga anali pa galu, osati pa dzanja lanu.

Mawa tigawa katundu wanu monga munanenera. Makina osokera apita kwa mwana wathu wamkazi, buku la nyimbo kwa mng'ono wanu ku Vubwi, njinga kwa mdzukulu wamkulu. Thonje palibe amene wamupempha. Atsala ndi ine, pa unyolo, ndipo sindikudziwa momuuzira chifukwa chake.