Deti la 20 Malichi

Pa 14 Ogasiti 2023, Geresomo Zuze analandira kalata yomuimitsa ntchito. Anali dotolo wa mano pa chipatala china chaching'ono m'boma la Nsanje, ndipo anali atagwira zaka zisanu ndi zinayi popanda womudandaula. Bungwe loyang'anira madotolo linamulanda chiphaso mpaka mlandu wake udzamvedwe.

Chinachitika ndi ichi. M'Malichi chaka chomwecho, Geresomo anapita pa bwato ku msasa wa anthu othawa madzi osefukira ku Makhanga. Pa 20 Malichi anazula dzino la mayi Priska, ogulitsa nsomba a ku Chiromo. Buku lawo la kuchipatala linali litapita ndi madzi. Geresomo sanawafunse za matenda ena, ndiponso sanalembe kanthu. Mayiwo anali ndi shuga. Chilonda chinakula, tsaya linatupa, ndipo anagona m'chipatala milungu isanu.

Achibale atadandaula, Geresomo anachita mantha. Anatenga kaundula wa odwala n'kulembamo kuti anafunsa zonse, n'kuikapo deti la 20 Malichi. Anaiwala kuti kaundulayo anafika pa chipatala pa 18 Epulo, wakale atawonongeka ndi madzi. Bodzalo linaululika.

Kalata ija itafika, anakhala m'nyumba miyezi iwiri, akuuza anthu kuti ali pa tchuthi. Mkazi wake ndiye anaimbira foni mayi Estere Tchale a ku Nchalo, dotolo wa mano wopuma ntchito amene amathandiza anzawo ogwa m'milandu yotere.

Lachinayi lililonse Geresomo ankakwera minibasi kupita kwa mayiwo. Ntchito yoyamba inali kulemba zimene zinachitika. Katatu konse mayiwo anamubwezera pepala lake.

"A Zuze, masamba anayi onsewa ndi a madzi osefukira. Madziwo nanenso ndinawaona. Koma cholembera anagwira ndani?"

Geresomo anati akavomera ndiye kuti ntchito yamuthera.

"Mwina itha. Koma mukakanama kachiwiri, ine sindikakhala pambali panu."

Geresomo anachoka atakwiya, ndipo milungu iwiri sanapiteko. Mlungu wachitatu anabwera ndi theka la tsamba. Linali loona.

Kuyambira pamenepo mayi Tchale ankakhala ngati oweruza, iye n'kumayankha. Anamuphunzitsanso mafunso asanu ofunsa wodwala amene alibe buku, m'Chimang'anja ndi m'Chisena momwe, ndi kulemba mayankho nthawi yomweyo, ngakhale mu kope la kusukulu. Anamuuzanso kuti apite ku Chiromo akapepese. Geresomo anati adzapita mlandu ukatha.

Mlandu unamvedwa pa 22 Febuluwale 2024. Geresomo anavomera za deti lija asanafunsidwe. Anamuwonjezera miyezi isanu ndi umodzi yosagwira ntchito, kenaka chaka chimodzi chogwira ntchito moyang'aniridwa. Chiphaso sanamulande kwamuyaya.

Mlungu wotsatira anapita ku Chiromo. Anapeza nyumba ya mayi Priska ili yotseka. Anali atawoloka mtsinje wa Ruo mu Januwale kupita kwa abale awo ku Mozambique, ndipo palibe anali ndi nambala yawo. Mayi wina woyandikana nawo nyumba anamuyang'ana kanthawi.

"Ndinu aja a mano? Amakutchulani. Amati, akanangobwera adzaone tsayali."

Geresomo anayambanso ntchito pa 2 Sepitembala 2024. Lero madotolo a mano awiri amene ali pa milandu amamuimbira foni, ndipo amawabwezera mapepala awo monga ankachitira mayi Tchale. Akadutsa pa Chiromo amafunsabe za mayi Priska. Mpaka pano palibe yankho.

Inu amene mwalakwa pa ntchito, musataye mtima, ndipo musadzitsekere m'nyumba. Funani wina amene anayenda njirayi kale, mumuuze zoona zokhazokha. Chiphaso chimabwerera. Koma ngati pali munthu woti mukamupepese, pitani sabata ino.